Zaka 60, 56 kapena 53? Kumvetsa chikondwerero cha sukulu ya udokotala ya ku Ridgeway

Sukulu ya udokotala, monga ya Yunivesite ya Zambia imene ili pa kampasi ya Ridgeway ku Lusaka, ikamayandikira zaka 50 kapena 60, mauthenga amayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp a madokotala: likonzedwe phwando, aitanidwe anzathu a ku Gaborone ndi ku Manchester, asoke malaya a chitenje chimodzi, aliyense asonkhe. Mauthengawo akatuluka kufika kwa achibale ku Chilenje, ku Kabwata kapena ku Matero, mafunso amabuka. Wina akuti sukuluyi inayamba mu 1966, wina akuti 1970. Namwino amene anaphunzira pa Ridgeway pomwepo akufunsa ngati nayenso akuitanidwa. Amalume amene anagulitsa ng'ombe ku Katete kuti mphwawo amalize maphunziro akudabwa kuti ndalama zikusonkhedwanso zachiyani. Kumene kumachokera chisokonezochi n'kwakuti chikondwerero chotere chimafuna kuwerenga zinthu zitatu, zaka, anthu ndi ndalama, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mawerengedwe angapo.

Jubili

Mawu akuti jubili ndi a m'Baibulo. Pa Levitiko 25 pali lamulo loti chaka cha 50 chilichonse lipenga la nyanga ya nkhosa lilizidwe, akapolo amasulidwe, ndipo minda ibwerere kwa eni ake. N'chifukwa chake m'Chichewa chimatchedwa chaka choliza lipenga. Mayina a siliva pa zaka 25, golide pa zaka 50 ndi dayamondi pa zaka 60 anabwera pambuyo pake kuchokera ku miyambo ya ku Ulaya, ndipo la dayamondi linatchuka mu 1897 pamene Mfumukazi Victoria inakwanitsa zaka 60 pampando. Zambia inachita jubili ya golide mu 2014 ndi ya dayamondi mu 2024. Yunivesite ya Zambia, UNZA, inachita ya golide mu 2016. Palibe lamulo lokakamiza sukulu kuchita chikondwerero chotere. Ndi mwambo chabe, ndipo eni ake ndiwo amasankha poyambira kuwerenga.

Chaka chobadwa

Mu 1963, dziko lino likadali Northern Rhodesia, komiti yotsogozedwa ndi Sir John Lockwood inalangiza kuti pakhale yunivesite yakeyake. Pofika pa ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Wofuna udokotala ankapita ku Makerere ku Uganda, ku Durban, ku Britain, kapena ku Salisbury (Harare wa lero) komwe sukulu ya udokotala inali itangotsegulidwa mu 1963. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo a Ian Smith atalengeza boma lawo la azungu mu November 1965, njira ya ku Salisbury sinalinso yodalirika.

Kuchokera apo pali zaka zinayi zimene munthu angazitchule, ndipo chilichonse n'choona. Mu 1965 nyumba ya malamulo inakhazikitsa yunivesite. Mu March 1966 ophunzira oyamba 312 analowa m'kalasi pa kampasi ya Ridgeway, ndipo mu July chaka chomwecho a Kenneth Kaunda anavekedwa ukulu wa yunivesite n'kuyala mwala wa maziko a kampasi ya pa Great East Road. Panthawiyo masukulu anali atatu okha: la zamaphunziro, la zachikhalidwe ndi la sayansi. Amene ankafuna udokotala anayambira ku sayansi, popeza palibe amene amakhudza wodwala asanadziwe kemisitiri ndi bayoloje. Sukulu ya udokotala inaima payokha mu 1970. Madokotala oyamba, okwana 23, anatuluka mu 1973, patatha zaka zisanu ndi ziwiri chilowere.

Tikawerengera chaka cha 2026, woyambira pa 1966 apeza zaka 60, woyambira pa 1970 apeza 56, woyambira pa 1973 apeza 53. Zili ngati kufunsa banja kuti lakhala zaka zingati. Mwamuna angawerenge kuyambira tsiku lomwe anakafunsira mbeta, ankhoswe awerenga kuyambira pa chinkhoswe, abusa ali ndi tsiku lawo m'buku la mpingo, pomwe agogo amakumbukira chaka chimene anabadwa mwana wachisamba. Palibe wonama pamenepo. Vuto limabwera pokhapokha akafuna kulemba chaka chimodzi pa keke.

Masukulu ena anadutsa momwemo. Makerere inayamba mu 1922 ngati sukulu ya zaumisiri ndipo inakhala yunivesite yodziimira mu 1970, koma zaka 100 inakondwerera mu 2022, kuwerengera chiyambi chenicheni. Ku Malawi, College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, koma kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, choncho nayo ili ndi masiku awiri obadwa. Chimene komiti yokonza imayenera kuchita n'kusankha chaka chimodzi, kulemba chifukwa chake m'chiganizo chimodzi chomveka, ndi kugwiritsa ntchito chomwecho pa chitenje, pa chikwangwani ndi pa mwala wachikumbutso. Chitenje cholakwika chimatha n'kung'ambika, koma mwala umakhala pakhoma zaka zambiri ukutsutsana ndi mabuku.

Alumni ndi ndani

Alumni ndi mawu a Chilatini otanthauza ana oleredwa. Sukuluyo amaitcha alma mater, mayi woyamwitsa. M'mayunivesite otsata mwambo wa ku Britain mulinso mawu akuti convocation, kutanthauza msonkhano wa onse amene analandira digiri pamalopo. Munthu amalowamo chifukwa cha digiri yake, osati chifukwa cholipira. Bungwe la alumni ndi lina: limeneli munthu amalembetsa mwa kufuna kwake, lili ndi malamulo ake ndi chopereka chake. Kusasiyanitsa ziwirizi ndiko kumabweretsa mkangano wa pa tsiku la zisankho, wina akamati sanalipire ndiye asavote, mnzake akuti digiri yake ndi yokwanira.

Pa Ridgeway funsoli lili ndi mfundo ina. Kwa zaka zambiri sukulu ya udokotala sinkaphunzitsa madokotala okha. Munali anamwino a digiri, akatswiri a mankhwala, a zolimbitsa mafupa ndi minyewa, a m'labotale ndi a zaumoyo wa anthu onse. Pakati pa 2016 ndi 2017 sukuluyo inagawidwa panayi: School of Medicine, School of Nursing Sciences, School of Health Sciences ndi School of Public Health. Ndiye katswiri wa mankhwala amene anamaliza mu 2010 satifiketi yake inachokera ku sukulu ya udokotala, pomwe mng'ono wake womaliza maphunziro omwewo lero ndi wa sukulu ina. Zili ngati mudzi umene wakula n'kugawikana kukhala midzi inayi, uliwonse ndi nyakwawa yake. Pa mwambo wokumbukira amene anayambitsa mudziwo, onse anayi ali ndi mbali, koma wina ayenera kunena amene akhale pa mpando wakutsogolo.

Palinso amene anachita gawo lokha. Mwa kachitidwe kakale, maphunziro a udokotala pa UNZA anali a zaka zisanu ndi ziwiri ndipo anali ndi madigiri awiri: pakatha zaka zinayi wophunzira ankalandira BSc ya Human Biology, kenako zaka zitatu za m'mawodi zinkamupatsa MBChB, digiri ya udokotala yeniyeni. Ena anaimira pa digiri yoyambayo n'kutsata njira ina. Ena anachita udokotala wawo ku Russia, ku Cuba kapena ku China, n'kudzachita ukatswiri wa MMed pa Ridgeway. Onsewa ali ndi pepala la UNZA.

Ngakhale mawu akuti "kalasi la chaka chakuti" amasokoneza. Ena amatchula chaka cholowera, ena chaka chotulukira, ndipo chifukwa cha kubwereza chaka komanso kutsekedwa kwa yunivesite nthawi zina, anthu olowa limodzi sankatuluka limodzi nthawi zonse. Fomu yolembetsera yabwino imafunsa zaka zonse ziwiri.

Sukulu ndi chipatala

Anthu ambiri mu Lusaka amati "anaphunzira pa UTH", ndipo sakulakwa kwenikweni, koma sukulu ndi chipatala ndi zinthu ziwiri za eni awiri. Sukulu ndi ya yunivesite, yomwe ili pansi pa unduna wa zamaphunziro. Chipatala cha University Teaching Hospital (UTH) ndi cha unduna wa zaumoyo, ndipo nachonso chinagawidwa kukhala zipatala zisanu: cha akuluakulu, cha amayi ndi makanda, cha ana, cha maso ndi cha khansa. Pakati pawo pali msewu wa Nationalist basi. M'wodi imodzi mumatha kupezeka dokotala wamkulu wolipidwa ndi yunivesite ndi mnzake wolipidwa ndi unduna, onse akuphunzitsa ophunzira omwewo pambali pa bedi limodzi. Sukulu ili ngati mwini khasu ndi mbewu amene amalima m'munda wa mnzake.

Mbiri yambiri imene imakumbukiridwa pa jubili inachitikira m'munda wobwerekawo. Mu 1983 Anne Bayley, pulofesa wa maopaleshoni, anaona kuti khansa ya pakhungu ya Kaposi yasintha khalidwe, ikugwira achinyamata ndi kupha msanga, ndipo zimene analemba mu 1984 zinali m'gulu la zizindikiro zoyamba zoti Edzi yafika m'chigawo chino. Patatha zaka 20, kafukufuku wotsogozedwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu pa ana oposa 500 okhala ndi HIV pa UTH anaonetsa kuti kumwa cotrimoxazole tsiku lililonse, mankhwala otchipa amene ambiri amawadziwa kuti Septrin, kunachepetsa imfa ndi 43 peresenti. Zotsatirazo zinatuluka mu 2004 ndipo WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, inasintha malangizo ake. Ntchito zoterezi n'zovuta kuzigawa kuti iyi ndi ya sukulu, iyi ndi ya chipatala, ndipo n'chifukwa chake komiti imene yaiwala kuitana akuluakulu a chipatala ndi anamwino akale a m'mawodi imakhala yaitana theka la banja.

Kalembera

Ntchito yaikulu ya chikondwerero, imene sioneka pa zithunzi, ndi kupeza anthu. Mayina a zaka zoyambirira ali m'mabuku a pamanja ndi m'timabuku ta miyambo yopereka madigiri. Kuchokera pamenepo okonza amafananiza ndi kaundula wa Health Professions Council of Zambia (HPCZ), bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala limene linalowa m'malo mwa Medical Council of Zambia potsatira lamulo la 2009, komanso makaundula a mayiko amene madokotala athu anapitako, monga Botswana, Namibia, South Africa ndi Britain. Njira imene imagwira ntchito msanga ndi kusankha munthu mmodzi kapena awiri pa kalasi lililonse, chifukwa anthu amene anagwirira limodzi ntchito m'chipinda chophunzirira thupi la munthu saiwalana.

Zolakwika zimachitika m'malo odziwika. Amayi amene anasintha dzina atakwatiwa amalembedwa kawiri kapena kusowa. Dzina limodzi limalembedwa mitundu iwiri, Mwale ndi Mwali, Nkhoma ndi Nkoma. Choopsa kwambiri ndi mndandanda wa omwalira, umene umawerengedwa pa mapemphero achikumbutso. Makalasi a m'ma 1980 ndi 1990 anataya anzawo ambiri m'zaka zimene mankhwala a ARV kunalibe, ndipo dzina lililonse liyenera kutsimikizidwa ndi abale kapena anthu awiri odziwa, kuopa kulira munthu wamoyo amene wangokhala chete ku Francistown. Manambala a foni ndi ma-email osonkhanitsidwawo ali pansi pa Data Protection Act ya 2021: munthu auzidwe chimene adzagwiritsidwire ntchito, ndipo asaperekedwe kwa kampani yothandiza phwando popanda chilolezo chake.

Miphika itatu ya ndalama

Ndalama za jubili zimalowa m'miphika itatu, ndipo mikangano yambiri imayamba miphikayo ikasakanizidwa.

Woyamba ndi wa phwando lenilenilo: holo, chakudya, zokuzira mawu, chitenje. Umenewu umadzazidwa ndi matikiti ndi makampani othandiza, ndipo umayenera kutha pa tsikulo. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti chakudya chamadzulo cha tikiti yodula chimasiya phindu lochepa. Hotela ikatenga zake, chotsala chenicheni chimachokera ku malonjezo operekedwa usikuwo.

Wachiwiri ndi wa ntchito imodzi yooneka, monga kukonza hostelo, kugula mabuku kapena zidole zophunzirira kutsitsimutsa munthu ndi kubereketsa. Umenewu uli ndi mtengo wake ndi tsiku lomalizira.

Wachitatu ndi umene amautcha endowment, thumba losadyedwa. Ambiri amaliyerekeza ndi chilimba, koma n'zosiyana. Pa chilimba ndalama zonse za mwezi zimapita kwa munthu mmodzi ndipo mphika umatsala wopanda kanthu. Endowment ili ngati ng'ombe ya mkaka: simuipha, mumangokama, ndipo mkaka wina mumasiyira thole kuti khola likule. Ndalama zimaikidwa kumene zingabale, monga m'mabondi a boma, ndipo chaka chilichonse amatapapo pang'ono. Mayunivesite a kunja amakonda kutapa 4 kapena 5 peresenti. Mwachitsanzo chabe, thumba la K1,000,000 pa 5 peresenti lingatulutse K50,000 pa chaka. Apa ndi pamene anthu amagwa mphwayi, chifukwa miliyoni imamveka yaikulu pa maikolofoni koma mkaka wake ndi wochepa. Ndiye pali kukwera mitengo kwa zinthu, kumene mu 2021 kunapitirira 20 peresenti. Chiwongoladzanja chikamaoneka chachikulu m'makwacha, gawo lalikulu limayenera kubwerera m'thumba kuti mphamvu yake yogulira isafote. Thumba limene limadya chiwongoladzanja chonse limaoneka lathunthu pa pepala pomwe likuwonda.

Funso lotsatira ndi la amene asunge. Ndalama zikalowa mu akaunti ya yunivesite, zimatetezedwa ndi malamulo a ndalama za boma, koma kugula chilichonse kumadutsa m'ndondomeko yaitali, ndipo opereka ena amaopa kuti zingasochere m'mavuto ena a yunivesite. Zikakhala m'manja mwa bungwe la alumni, zimayenda msanga, koma bungwelo liyenera kukhala lolembetsedwa, kaya kwa Registrar of Societies kaya ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, ngati kampani yosagawa phindu, likhale ndi TPIN, nambala ya msonkho yochokera ku bungwe lotolera misonkho la ZRA, osayinira awiri kapena atatu ku banki, ndi owerengera ndalama ochokera kunja kwa komiti. Njira zonse ziwiri zili ndi oziikira kumbuyo. Chimene mbali zonse zimavomerezana n'chakuti nambala ya Airtel Money kapena MoMo ya munthu mmodzi si akaunti ya bungwe. Ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge, zopereka zimasakanikirana ndi za panyumba, ndipo mwini wake akadwala kapena kumwalira palibe wina angazitulutse mosavuta. Lipoti labwino limasiyanitsanso zolonjezedwa ndi zolandiridwa, popeza lonjezo la pa phwando, nyimbo zikulira ndi anzako akuombera m'manja, silifika lonse ku banki.

Mphatso za zipangizo ndi kuona odwala kwaulere

Alumni a kunja amakonda kutumiza makina, ndipo apa pamafunika kufunsa asanatumize. Magetsi a Zambia ndi a 230 volts pa 50 hertz, pomwe makina ochokera ku America amapangidwira 120 volts pa 60 hertz. Makina a m'labotale ambiri amafuna mankhwala oyezera a kampani yomwe inawapanga, ndipo ngati kampaniyo ilibe woiimira mu Lusaka, makinawo amagwira ntchito mpaka botolo loyamba litatha. Pamafunika buku lake, zida zosinthira, katswiri wa zamakina a chipatala woti awalandire, ndi mapepala a msonkho okonzedwa katundu asanafike pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, chifukwa kontena ikakhala pa doko imalipiritsidwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala amafuna chilolezo cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndipo malangizo a WHO amati mankhwala operekedwa ngati mphatso akhale otsala ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo asanathe mphamvu pa tsiku lofika.

Tsiku loona odwala kwaulere ku Kanyama kapena ku Chawama limakopa anthu, koma nalo lili ndi malamulo. Dokotala amene wakhala zaka 20 ku Leeds, ngakhale digiri yake ndi ya Ridgeway, sangagwire wodwala kuno popanda chilolezo cha HPCZ chogwira ntchito panthawiyo. Ndipo kuyeza kuli ndi phindu pokhapokha ngati pali kotumiza opezeka ndi vuto. Munthu wopezeka ndi BP yokwera kamodzi ayenera kuyezedwanso tsiku lina. Mayi wopezeka ndi chotupa ayenera kupatsidwa kalata ndi tsiku lokaonedwa. Zimenezi zimakonzedwa ndi chipatala cha m'deralo milungu ingapo tsikulo lisanafike, apo ayi anthu amabwerera kwawo ndi nkhawa yatsopano ndi kapepala kopanda kopita.

Mafunso amene akadali poyera

Kwa zaka pafupifupi 40 Ridgeway inali khomo lokhalo lotulukira madokotala m'dziko muno. Lero kuli sukulu ya Copperbelt University ku Ndola yomwe inatsegulidwa mu 2011, ya Mulungushi ku Livingstone, Levy Mwanawasa Medical University kuno ku Lusaka, ndi ena a anthu wamba monga Lusaka Apex ndi Cavendish. Anthu nawo achuluka, kuchoka pa 4 miliyoni m'kalembera wa 1969 kufika pa 19.6 miliyoni mu 2022. Ena amati masukulu ambiri ndiwo yankho la kuchuluka kwa anthuku. Ena amafunsa ngati aphunzitsi ndi mabedi ophunzitsirapo akukwanira, poti ophunzira ambiri akazungulira wodwala mmodzi, wa kumbuyo samva kugunda kwa mtima. Udindo wa sukulu yakale pakati pa azing'ono ake, kaya ndi kutulutsa madokotala ochuluka kaya kuphunzitsa akatswiri ndi aphunzitsi a masukulu enawo, sunagwirizanidwe.

Lachiwiri ndi lodabwitsa kwa munthu wa kumudzi: zipatala za ku Chadiza ndi ku Chama zikusowa madokotala pomwe mu Lusaka muli omaliza maphunziro odikira ntchito. Bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linadandaula za zimenezi poyera mu 2021, ndipo mu 2022 boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000, koma makalasi atsopano akutulukabe chaka ndi chaka. Kusowa kwa madokotala ndi kusowa kwa ndalama zowalipira ndi mavuto awiri osiyana, ndipo thumba la alumni silingathetse lachiwirili.

Lachitatu ndi la amene anapita kunja. Ena amati anaphunzira ndi misonkho ya anthu osauka ndiye ali ndi ngongole. Iwo amayankha kuti anatumikira zaka zawo m'zipatala za boma, amatumiza ndalama kwa abale, ndipo ena amabwera kudzaphunzitsa pa tchuthi popanda malipiro. Kusiyana kwa mibadwo kumalowanso pamenepa: akale anaphunzira pa basare ya boma, thandizo losabweza, pomwe amene analowa kuyambira 2004 akubweza ngongole ku Higher Education Loans and Scholarships Board. Kodi dokotala wachinyamata amene akudulidwa ngongoleyo pa malipiro ake apemphedwe chopereka chofanana ndi cha katswiri wa zaka 30 pa ntchito? Ndipo thumbalo likadzayamba kubala, adzasankha wophunzira woyamba kuthandizidwa ndani: yunivesite, komiti ya alumni, kapena kalasi limene linasonkha zambiri?